Nkhupakupa ikakulumani: kachotsedwe kake, zizindikiro zoti muziyang'anire ndi zokanena kuchipatala

Mvula ya kuno ku Mzuzu imachedwa kusiya. Pamene anzathu a kummwera amakhala atayamba kale kukolola pouma, ife timadzukabe mu Epulo, nthawi zina mpaka mu Meyi, udzu uli chinyezi ndiponso utatalika kufika m'chiuno m'mbali mwa tinjira ta ku Lusangazi, ku Choma, ku Dunduzu ndi m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina. Chinyezi chimenechi ndi chimene chimatipatsa nsenjere zodyetsa ng'ombe za mkaka, bowa ndi khofi, koma ndi chomwechonso chimene chimasunga nkhupakupa. Ambiri a ife timaiona nkhupakupa ngati vuto la ng'ombe ndi agalu basi, ndipo ikatiluma timangoithothola ndi zikhadabo n'kuiwala. Ndalemba malangizo awa chifukwa kachilombo kameneka kamapatsira anthu matenda amene poyamba amafanana kwambiri ndi malungo, ndipo munthu amene sanaone pamene kanaluma, kapena sanakumbukire kunena kuchipatala kuti analumidwa, angathe kudwala masiku ambiri matenda oti mankhwala ake alipo.

Ndinaphunzira zimenezi pa mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene ankatithandiza kumweta nsenjere kudambo. Tsiku lina madzulo anayamba kutentha thupi, kudandaula litsipa ndi kuwawa kwa khosi, ndipo ife tonse tinangoti ndi malungo. Atamuyeza magazi pachala malungo sanapezeke, ndipo ine ndinalakwa pobwerera naye kunyumba ndi panado, osaganiza n'komwe zomuyang'ana m'thupi. Patapita masiku 2, agogo ake ndiwo anaona kuti akuyenda motsimphina chifukwa cha mwanabele, ndipo atamuuza kuti akweze kabudula anapeza kuseri kwa bondo kachilonda kakang'ono ngati njere ya nyemba, kokhala ndi nkhanambo yakuda bii pakati, kozunguliridwa ndi khungu lotupa, koma kosapweteka. Titabwerera kuchipatala, wachipatala atangokaona kachilondako anandifunsa kuti, "Bambo, kodi mwanayu amapita kutchire kapena kukhola la ziweto?" Funso limenelo ndi limene ine ndinayenera kuliyankha lisanafunsidwe pa ulendo woyamba uja. Mnyamatayo anapatsidwa mankhwala oyenera, ndipo pasanathe masiku 3 kutentha thupi kunasiya.

Kuti mudziteteze bwino, yambani mwadziwa khalidwe la mdaniyu. Nkhupakupa siuluka ndiponso sidumpha ngati utitiri. Imakwera pansonga ya udzu kapena patsamba la chitsamba, n'kutambasula miyendo yakutsogolo kudikira chamoyo chilichonse chodutsa, ndipo mitundu ina imachita kuyenda pansi kulondola fungo ndi mpweya wa nyama kapena munthu. Ikafika pathupi siithamangira kuluma, koma imayendayenda kufuna malo ofunda, obisika ndi a khungu lofewa. Malovu ake ali ndi mphamvu yochititsa dzanzi, n'chifukwa chake imatha kuyamwa magazi masiku angapo mwini thupi osamva kanthu. Yaikazi ikakhuta imagwa pansi n'kuikira mazira masauzande. M'mazirawo mumatuluka tiana ta miyendo 6, tating'ono kuposa njere ya mawere, timene tikayamwa magazi timafundula n'kukhala ndi miyendo 8, kenako timafundulanso n'kukhala nkhupakupa zazikulu. Tiana timeneti ndi timene timaluma anthu kawirikawiri, ndipo timavuta kutiona chifukwa timaoneka ngati kadontho ka dothi kapena kachipsera.

Amene amaweta amazidziwa ndi maso ngakhale sadziwa mayina ake. Pali ija ya mawanga owala pamsana ndi mlomo wautali, yokonda kumata kubere ndi kumimba kwa ng'ombe, imene akatswiri amaitcha Amblyomma. Imeneyi ndiyo imanyamula kachilombo ka Rickettsia africae, koyambitsa matenda otentha thupi okhala ndi nkhanambo yakuda ngati amene anagwira mnyamata wathu uja. Pali yofiirira imene imadzaza m'makutu a ng'ombe, Rhipicephalus appendiculatus, imene imafalitsa East Coast fever, matenda amene amapha ng'ombe za mkaka ndi ana a ng'ombe koma sagwira anthu. Pali yofiirira ya agalu, imene imatha kuswana m'ming'alu ya khoma ndi pakhonde pamene galu amagona, ndipo nayo imapatsira anthu mtundu wina wa Rickettsia. Palinso ya miyendo ya mizeremizere, Hyalomma, imene tiikamba patsogolo chifukwa matenda ake, ngakhale sapezeka kawirikawiri, ndiwo oopsa kuposa onse.

Musanapite kukamweta udzu, kukatola nkhuni, kukazula bowa, kukabusa kapena kukayenda ku Nyika, ku Vwaza ndi ku Chikangawa, valani buluku lalitali n'kulowetsa kunsi kwake m'masokosi kapena m'jombo, malaya nawonso muwapisire. Zovala zowala mtundu n'zabwino chifukwa nkhupakupa ikamakwera imaonekera. Amayi amene amalowa m'tchire atavala chitenje amachita bwino kuvala buluku kapena masokosi aatali mkati. Mankhwala opaka othamangitsa udzudzu amene ali ndi DEET amathandizanso pa nkhupakupa mukawapaka m'miyendo ndi m'mikono motsatira zolembedwa pabotolo. Poyenda, pondani pakati pa njira m'malo mokhula thupi ku udzu wa m'mbali, ndipo popuma musakhale pansi pomwe ng'ombe zimagona.

Komabe chitetezo chenicheni chagona pa kudziyang'ana mukabwerako, pakuti zovala zokha sizitseka ponse. Sambani pasanathe maola 2, mukudzikhula bwino, chifukwa nkhupakupa zimene sizinamate zimachoka ndi madzi. Kenako, pamalo owala, yang'anani kuseri kwa mawondo, m'mphechepeche, m'chiuno momwe mumadutsa lamba, pamchombo, m'khwapa, kunsi kwa mabere, m'khosi, kuseri ndi mkati mwa makutu, ndiponso m'tsitsi. Kumsana pempheni mnzanu wa m'nyumba kapena gwiritsani ntchito kalilole. Ana aang'ono sanganene okha, choncho mayi kapena aliyense wowasambitsa aziyendetsa zala m'mutu ndi m'makwinya onse a thupi, ndipo kachotupa kalikonse kachilendo akayang'anitsitse ngati kali ndi miyendo. Ana okulirapo amachita manyazi, monga anachitira mnyamata wathu, kotero ndi bwino kuwaphunzitsa malo oti azidziyang'ana okha ndi kuwatsimikizira kuti kunena sikulakwa. Zovala za kutchire musaziponye pabedi kapena pamphasa. Zichapeni, ziyanikeni padzuwa lamphamvu n'kuzisita, poti kutentha kouma ndiko kumapha nkhupakupa, pamene madzi ozizira paokha saipha.

Tsopano tifike pa kachotsedwe, pomwe ambiri timalakwitsa ndi mtima wabwino. Chida choyenera ndi kachitsulo kopanira kosongoka kunsonga, konga kamene ena amazulira nsidze, ndipo nyumba iliyonse yokhala ndi ziweto ikanayenera kukhala nako pamodzi ndi thonje ndi sipiriti. Panani nkhupakupayo pamutu penipeni, pomwe yalowera pakhungu, osati pamimba pake potupapo. Mukatero kokani molunjika, pang'onopang'ono koma osalekeza, osapotokola ndiponso osadzutsa mwamphamvu. Khungu lidzatukuka ngati kachulu, ndipo mukapirira kamphindi mudzamva yasiya. Ija ya mlomo wautali imalimba kwambiri chifukwa imadzimata ndi zinthu zonga ulimbo, choncho musadabwe ikachoka ndi kachikopa koyera kumlomo. Ngati chopanira palibe, tengani ulusi wosokera, pangani kamsampha, kalowetseni mpaka kukhosi kwa nkhupakupa pafupi ndi khungu, mangani mfundo n'kukoka mofanana ndi mmene tafotokozera. Ngati ulusi ulibenso, kutani zala zanu ndi kapepala kapulasitiki kapena nsalu, koma musaigwire ndi zala zosavala kanthu.

Njira zimene tinakulira nazo, zootcha ndi machesi kapena khala la moto, zopaka palafini, mafuta odzola, mafuta a galimoto kapena phulusa, zisiyeni. Cholinga chake chimakhala choti nkhupakupa ichoke yokha, koma imachedwa kuchoka, ndipo nthawi yonse imene ili pakhungu ikupitiriza kulavulira malovu ake m'thupi mwanu. Pamwamba pa izo, moto ndi palafini zimasiya bala lina pakhungu la mwana. Kuifinya pamimba nako n'kulakwa, chifukwa kuli ngati kufinya jekeseni yodzaza ndi tizilombo. Mlomo ukaduka n'kutsalira, musakumbe ndi lezala kapena singano mpaka kutulutsa magazi. Ngati ukuoneka ndipo ukugwirika ndi chopanira, uchotseni, koma ngati walowa, tsukanipo n'kupasiya, thupi lidzautulutsa lokha monga limachitira ndi minga. Nkhupakupa imene yalowa mkati mwa khutu, yamata pachikope kapena kumaliseche kwa mwana, pitani nayo kuchipatala.

Mukaichotsa, tsukani pabalapo ndi m'manja mwanu ndi sopo, n'kupakapo sipiriti kapena ayodini. Nkhupakupayo musaiphwanye ndi zikhadabo monga timachitira ndi nsabwe, pakuti magazi amene ali m'mimba mwake angathe kulowa pa kabala kalikonse ka pachala kapena kuthovukira m'maso. Iponyeni pamoto kapena m'chimbudzi, kapena bwino koposa, itsekereni m'kabotolo momwe muli sipiriti pang'ono, kuti mukadwala mukaionetse. Amene ali ndi foni yojambula aijambule, ajambulenso pamene inaluma. Chofunika kwambiri n'chakuti mulembe tsiku, kaya pakalendala, kaya kumapeto kwa buku lanu la kuchipatala, chifukwa patatha sabata munthu sakumbukiranso.

Kuyabwa ndi kufiira pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri si matenda ayi. Chimene muyenera kuchiyang'anira kwa masabata 2 kapena 3 ndi kutentha thupi, litsipa lamphamvu, kuphwanya m'thupi, kuwawa kwa minofu ya m'khosi, mwanabele wa mbali imene munalumidwa, totupa tofiira pakhungu, ndi kachilonda ka nkhanambo yakuda kaja. Matenda a Rickettsia africae amayamba kawirikawiri pakatha masiku 5 mpaka 7, nthawi zina mpaka 10, ndipo tizilonda takudato timatha kukhala tingapo chifukwa tiana ta nkhupakupa timaluma tambiri nthawi imodzi. Pa khungu lathu lakuda totupa tofiira sitioneka msanga, choncho dalirani kukhudza ndi zala ndiponso kuwala kwa dzuwa, osati nyali ya usiku.

Kutentha thupi kulikonse kuno kwathu kumafunika kuyezetsa malungo tsiku lomwelo, ndipo zimenezo zisasinthe, poti malungo amapha msanga ndiponso munthu angathe kukhala ndi matenda awiri nthawi imodzi. Koma mukafika kuchipatala, kaya ku Mapale, ku St John's, ku Ekwendeni, ku Mzuzu Central kapena ku chipatala chaching'ono cha kwanuko, musadikire kufunsidwa. Nenani kuti, "Adokotala, masiku akutiakuti apitawo ndinachotsa nkhupakupa apa," n'kuonetsa malowo, ndipo ngati nkhupakupayo simunaione, nenanibe kuti mumamweta udzu, mumakama ng'ombe, mumasenda zikopa kapena mumagona ndi agalu pakhomo. Achipatala amaona anthu ambiri pa tsiku, ndipo mawu ochepa amenewa ndi amene amawatembenuza maganizo. Malungo akapanda kupezeka, musakagule LA kusitolo n'kumamwa mongoganizira, chifukwa LA sagwira tizilombo ta nkhupakupa, ndipo ngakhale amoxicillin amene ambiri timamuthamangira sapha Rickettsia. Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi doxycycline, koma mlingo wake, masiku ake, ndi choyenera kupatsidwa mayi woyembekezera kapena mwana wamng'ono, n'zoti agamule ndi wachipatala. Mukayamba kumwa, malizani, ndipo ngati patatha masiku 2 kapena 3 simukupeza bwino, bwererani.

Pali mtundu wina umene achinyamata a m'tauni ambiri sanauonepo koma agogo athu amaudziwa bwino, ndiwo nkhufi. Iyi ndi nkhupakupa ya khungu lofewa, yamakwinya, yotuwa ngati dothi, imene sikhala pa udzu koma m'ming'alu ya makoma ndi pansi pa nyumba zozira, ndiponso m'makola a nkhumba. Imatuluka usiku, imayamwa kwa mphindi zosakwana 30 n'kubwerera kobisala, kotero munthu amadzuka osaona kanthu, ndipo imatha kukhala zaka osadya, kutanthauza kuti nyumba imene yakhala yotseka nthawi yaitali ingakhale nazobe. David Livingstone analemba za kuluma kwake ndi kutentha thupi kotsatira mu 1857, ndipo mu 1905 madokotala Joseph Dutton ndi John Todd, akugwira ntchito ku Congo, anatsimikiza kuti nkhufi ndiyo imafalitsa kachilombo kamene lero kamatchedwa Borrelia duttonii. Dutton anamwalira komweko chaka chomwecho atadwala matendawa. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti kutentha thupi kumabwera mwamphamvu kwa masiku ngati 3, kumasiya pafupifupi sabata munthu n'kumaganiza kuti wachira, kenako kumabwereranso, ndipo zimatha kuchitika choncho maulendo angapo. Kachilomboka kamaoneka pa maikulosikopu magazi akatengedwa nthawi imene thupi likutentha, n'chifukwa chake muyenera kupita kuchipatala pa tsiku la kutenthalo osati mukapezako bwino, ndi kufotokoza kuti aka ndi kachiwiri kapena kachitatu.

Matendawa ndi oopsa kwambiri kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, amene angathe kupita padera kapena kubereka mwana wakufa, monga achipatala a m'chigawo chapakati cha Tanzania, kudera la Dodoma, akhala akuonera kwa zaka zambiri. Mayi woyembekezera amene wagona kumudzi m'nyumba yozira n'kuyamba kutentha thupi asadikire tsiku la sikelo. Dziwaninso kuti pa matenda amenewa, patangopita maola ochepa munthu atamwa mankhwala oyamba, angathe kunjenjemera kwambiri ndi kufooka chifukwa tizilombo tikufa tambiri nthawi imodzi, kotero achipatala akakuuzani kuti mudikire kaye pabenchi, dikirani. Kupewa kwake kuli pa nyumba: matani ming'alu yonse ya m'makoma ndi pansi, zirani kawirikawiri, ikani simenti ngati mungathe, gonani pabedi lotalikirako khoma m'malo mwa pansi, pisirani neti yonyikidwa m'mankhwala kunsi kwa matiresi kapena mphasa, ndipo khola la nkhumba lisagundane ndi nyumba yogona. Oweta nkhumba ali ndi chifukwa chinanso, poti nkhufi zimasunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba, ndipo ofufuza anakapeza m'nkhufi za m'makola a ku Mchinji m'zaka za m'ma 1980.

Nkhupakupa ya miyendo ya mizeremizere ija imanyamula matenda a Crimean-Congo, amene anadziwika koyamba ku Crimea mu 1944, napezekanso ku Congo mu 1956, ndipo mu 1969 zinatsimikizika kuti ndi kachilombo kamodzi. Bungwe la World Health Organization limati mwa anthu 100 odwala matendawa, 10 mpaka 40 amamwalira. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimene zili ndi kachilomboka sizioneka zodwala, ndipo munthu amatenga polumidwa, pophwanya nkhupakupa ndi manja, pokhudza magazi a chiweto chongophedwa kumene, kapena posamalira wodwala amene akutaya magazi. Kafukufuku wa ng'ombe za alimi ang'onoang'ono m'chigawo chapakati cha dziko lino, amene anasindikizidwa mu 2021, anapeza kuti pafupifupi theka la izo zinakumanapo ndi kachilomboka, kotero si nkhani ya kutali. Aliyense wopha ndi kusenda chiweto, kaya pamsika, pamaliro kapena paukwati, avale magolovesi kapena amange mapepala apulasitiki m'manja, aphimbe mabala, asaike mpeni kukamwa, ndipo asambe ndi sopo akamaliza. Munthu akatentha thupi mwadzidzidzi patangopita masiku ochepa atalumidwa kapena atapha chiweto, maso n'kufiira, kenako n'kuyamba kamfuno, magazi m'nkhama, kusanza magazi kapena mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, musamupatse asipulini kapena bufeni chifukwa zimawonjezera kutaya magazi, ndipo omunyamula asakhudze magazi ndi masanzi ake ndi manja osavala kanthu.

Mukafufuza za nkhupakupa pa intaneti mudzapeza nkhani zambiri za matenda a Lyme, amene anatenga dzina ku tauni ya Lyme m'chigawo cha Connecticut ku America, komwe anadziwika mu 1975. Amenewo ndi matenda a ku North America, ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia, ndipo angakhudze wachibale amene wabwera kuchokera kumeneko. Zimene mungawerenge pa intanetipo zoti nkhupakupa iyenera kukhala pakhungu tsiku lathunthu kapena kuposerapo kuti ipatsire matenda zikunena za Lyme, ndipo musazidalire pa nkhupakupa zathu, makamaka nkhufi imene imamaliza ntchito yake munthu asanatembenuke pogona.

Pomwe nkhupakupa zachepa pa ziweto, zimachepanso pa anthu. Funsani mlangizi wa ziweto wa dera lanu za mankhwala a dibi oyenera ndi kutalikirana kwa masiku osambitsira kapena kupopera, makamaka nyengo ya mvula, ndipo sungunulani mlingo wolembedwa ndendende, chifukwa kuchepetsa mankhwala pofuna kuti botolo likhalitse ndiko kumazoloweretsa nkhupakupa mpaka mankhwalawo amasiya kugwira. Popopera musaiwale m'makutu, kunsi kwa mchira, kubere ndi pakati pa ziboda. Ngakhale ng'ombe yosatuluka m'khola imalumidwa, poti nkhupakupa zimabwera ndi udzu womweta. Mufunseninso za katemera wa East Coast fever, amene amapangidwa ku Lilongwe ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, podziwa kuti katemerayo amateteza ng'ombe ku matenda amodzi okhawo ndipo sachotsa kufunika kopopera. Agalu asambitseni ndi mankhwala a agalu, tsukani ndi kumata pamene amagona, ndipo mankhwala a galu musamupake mphaka chifukwa ena, monga permethrin, amapha amphaka. Tchetchani udzu wozungulira nyumba, chimbudzi, mjigo ndi pamene ana amasewera.

Mankhwala a dibi ndi poizoni kwa munthu. Ndamvapo makolo ena akunena zopaka mwana mankhwala a ng'ombe m'mutu pofuna kupha nsabwe kapena nkhupakupa, ndipo ndikupempha ndi mtima wonse kuti zimenezi zisachitike pakhomo panu, chifukwa mankhwalawa amalowa kudzera pakhungu ndipo angathe kukomola mwana. Popopera valani jombo, magolovesi ndi chophimba kukamwa, imani mbali imene mphepo ikuchokera, musadye kapena kusuta muli pantchitoyo, ndipo madzi otsukira pampu musawataye kufupi ndi chitsime, dambo kapena mtsinje wa Lunyangwa. Mankhwalawo asungidwe m'botolo lake lokhala ndi dzina, pamalo okhoma, osawathira m'botolo la zakumwa, ndipo werengani masiku amene alembedwa oti mudikire musanagulitse mkaka kapena kupha chiweto chimene chapoperedwa kumene.